Kuchoka pa njinga ya m'nyumba kupita pamsewu: popalasa ndi popumitsa miyendo

Ndinagwa ndi njinga m'mwezi wa Julaye ku Ulongwe, m'boma la Angonia kuno ku Mozambique, pokhotera kumanzere kuchoka pa tala kulowa njira yafumbi yopita kwa mayi anga aang'ono. Sindinkathamanga kwambiri, ndipo panalibe galimoto kapena mbuzi imene inandidutsa kutsogolo. Njinga itapendekera kumanzere, pedulo ya mbali yomweyo inali pansi. Inagunda nthaka, tayala la kumbuyo linadumpha, ine n'kupezeka ndili gone, chigongono chitasupuka, thalauza litang'ambika pabondo. Chinandigwetsa ndi chizolowezi chimene ndinachitola mumzinda wa Tete, kumene ndinatha miyezi isanu ndi iwiri ndikupalasa njinga yosayenda ija ya m'nyumba yochitira masewera olimbitsa thupi, adokotala atandiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Pa njinga imeneyo miyendo siima. Ndinaphunzira kupalasa osalekeza kwa ola lathunthu, thupi linapepuka, mpweya unachuluka, ndipo ndinkaona ngati msewu sungandivute.

Bambo wina wokonza njinga pafupi ndi msika, amene anandiwongolera handulo tsiku limenelo, anagwira pedulo yopalikayo n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mumapalasa muli pakona?" Nditavomera anangoti, "Pakona mwendo umapuma. Mphamvu muli nazo, koma muziona pozigwiritsa ntchito." Malangizo amene ndikulemba pano anayambira pa mawu amenewo. Ndi a inu amene mwalimbitsa miyendo pa njinga ya m'nyumba, kaya ku Tete, ku Moatize kapena pakhomo panu, ndipo tsopano mukufuna kutuluka panja.

Choyamba, dziwani kuti njinga ziwirizi n'zosiyana m'kati

Njinga zambiri za m'nyumba, makamaka zija zopalasa pagulu nyimbo zikulira, zili ndi gudumu lachitsulo lolemera, nthawi zambiri loposa makilo 10, ndipo gudumulo analimangirira ku mapedulo. Likamazungulira, mapedulo nawo amazungulira, mufune musafune. Mukafuna kuima mumachepetsa pang'onopang'ono kapena kukanikiza kachitsulo kopotokola kaja kolimbitsira gudumu, kamene kamagwiranso ntchito ya buleki. Kapalasidwe ka pagulu kameneka anakayambitsa ndi Johnny Goldberg, wopalasa njinga wobadwira ku South Africa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali ku America, ndipo cholinga chake chinali choti munthu azilimbitsa thupi popanda kutuluka pamsewu. Ndiye kuti analichotseratu dala vuto la makona, maenje ndi magalimoto. Zilipo njinga zina za m'nyumba zimene zimalola miyendo kuima, koma ngakhale pa zimenezo mukaima ntchito yonse yaima, mawotchi a pa handulo amayamba kuwerenga ziro, ndiye munthu amazolowera kuti kuima ndi ulesi.

Njinga ya pamsewu ili ndi fuliwilo pa tayala la kumbuyo. M'kati mwa fuliwilo muli timano ndi tizitsulo tiwiri kapena titatu tokhala ndi sipuling'i. Mukaponda pedulo, tizitsuloto timakola pa timano n'kukoka tayala. Mukasiya kuponda, timangotsetsereka pamwamba pa timanoto, n'chifukwa chake mumamva kuti tiki tiki tiki njinga ikamayenda yokha. Kachipangizo kakang'ono kameneka n'kamene kamakupatsani ufulu woimika mapedulo pamene mukufuna njinga ili pa liwiro. Okwera njinga akumudzi amakagwiritsa ntchito osaganizira n'komwe. Inu amene mwachokera m'nyumba muyenera kukaphunzira dala, chifukwa miyendo yanu inaphunzira zina.

Pali kusiyana kwinanso kumene kumadabwitsa anthu tsiku loyamba. Gudumu lolemera lija limakuthandizani kudutsa pamene pedulo ili pamwamba penipeni ndi pansi penipeni, malo amene mwendo ulibe mphamvu. Pamsewu, makamaka pachitunda, palibe chokukankhirani mwendo pamalo amenewo. Mudzamva ngati kapalasidwe kanu kakudukaduka. Musadandaule, pakatha milungu iwiri kapena itatu kamasalala.

Chachiwiri, musayambire pamsewu

Pezani bwalo la mpira kapena malo ena athyathyathya olimba, nthawi imene kulibe anthu. Musanakwere, finyani buleki iliyonse payokha mukukankha njinga kuti mudziwe dzanja limene likugwira tayala la kutsogolo, pakuti njinga zimene zimafika kuno zimachokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo ena amamanga mosemphanitsa. Onani mpweya m'matayala. Kwezani chishalo kufika poti chidendene chikaponda pedulo ili pansi, mwendo uziwongoka. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira bondo lidzapindika pang'ono, ndiye muyeso wake. Pa sabata yoyamba mukhoza kuchitsitsa pang'ono kuti phazi lizifika pansi msanga.

Pabwalopo phunzirani maimidwe atatu a mapedulo. Palasani maulendo khumi, kenako siyani, mapedulo ali chopingasa, ina kutsogolo ina kumbuyo, zonse zitatalikirana mofanana ndi nthaka. Werengani mpaka pa faifi njinga ikuyenda yokha, n'kuyambanso. Mukazolowera, nyamukani pang'ono pachishalo mapedulo ali chopingasa chomwecho, mawondo ndi zigongono zitafewa. Amenewo ndi maimidwe a pa maenje. Kenako phunzirani kuimika pedulo ya kumanja pansi, ya kumanzere m'mwamba, mukukhotera kumanzere. Pomaliza sinthani: ya kumanzere pansi, ya kumanja m'mwamba, mukukhotera kumanja. Ikani miyala iwiri kapena mabotolo motalikirana mapazi makumi awiri, muzizungulira mochita ngati mukulemba nambala 8. Pakati pa miyalayo palasani, pokhota imikani. Chitani zimenezi mpaka mwendo uzipita wokha pamalo ake musanauuze.

Ine zinanditengera masiku anayi. Tsiku loyamba ndinkati ndikasiya kupalasa, thupi linkanjenjemera ngati ndigwa, chifukwa ndinali ndisanakhalepo chete pa njinga kwa miyezi yonse ija. Ngati zikukuchitikirani, yang'anani kutali kumene mukupita, osati pa tayala la kutsogolo, ndipo musafinye handulo ngati mukupha nkhuku.

Chachitatu, malo amene miyendo iyenera kuima

Pakona ndiye poyamba. Chepetsani liwiro musanalowe, njinga idakali chilili. Mukalowa, masulani mabuleki, pedulo ya mbali imene mukukhotera ikhale m'mwamba, ndipo kulemera kwa thupi lanu kutsamire pa pedulo ya kunja imene ili pansi. Kuponda pedulo ya kunjayo kumakanikiza matayala pansi kuti asaterereke. Maso ayang'ane potulukira kona. Muyambenso kupalasa njinga ikawongoka, osati isanawongoke. Kuno ku Mozambique timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye makona okhotera kumanzere ndi amene amakhala opanikiza, ndipo m'mphepete mwa tala ndi momwe mumaunjikana mchenga ndi timiyala. Kona yaikulu yokhota pang'onopang'ono, imene njinga sipendekera kwenikweni, mukhoza kuidutsa mukupalasa.

Pa maenje, pa mabampu ochepetsa liwiro ndi pamene tala lathera, mapedulo chopingasa, matako m'mwamba pang'ono. Mukakhala pachishalo mukupalasa, kugunda konse kumalowa mumsana mwanu ndi mu limu, ndipo ndi momwe chubu chimatsinidwira n'kubooka malo awiri oyandikana. Ku Moatize kuli njanji za sitima zonyamula malasha. Njanji muziidutsa mowongoka, tayala likuiyang'ana maso ndi maso, osati chammbali, ndipo musapalase kapena kumanga buleki tayala lili pachitsulocho, makamaka kukagwa mvula.

Pamphambano, pamsika, pamene chapa (minibasi) yaima kutsitsa anthu, pamene ana akusewera m'mbali mwa msewu, siyani kupalasa mudakali patali, zala ziwiri zili pa buleki iliyonse. Apa si nkhani ya mapedulo kugunda pansi ayi. Munthu amene akupalasa mwamphamvu mutu umagwera pansi, maganizo amakhala pa mpweya ndi pa miyendo. Mukaimika miyendo mutu umadzuka, makutu amatseguka, mumamva thiraki imene ikubwera kumbuyo. Pa msewu wochokera ku Tete kudutsa ku Moatize kupita ku Zobwe pamayenda mathiraki akuluakulu opita ku Malawi ndi a ku migodi, ndipo likamakudutsani mphepo yake imakukankhirani kunja kenako n'kukukokerani kwa ilo. Likamayandikira gwirani handulo molimba, sungani mzere wanu, musaimirire pa mapedulo. Mahedifoni amene munkavala m'nyumba muja asiyeni kunyumba.

Chachinayi, mtsetse

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amphamvu amadzipweteka. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Ulongwe ali pamwamba pa mamita oposa 1,200, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka pa Mussacama kukwera ku Angonia akudziwa kuti ndi zitunda ndi mitsetse yokhayokha. Wokwera njinga kuno sangathawe mtsetse.

Tiwerengere limodzi pa njinga yathu wamba yopanda magiya, ya matayala a mainchesi 28. Tiyerekeze kuti chimbale cha kutsogolo chili ndi mano 44, fuliwilo ili ndi mano 18. Mukazungulitsa mapedulo kamodzi, tayala limazungulira kawiri ndi theka kuchepera pang'ono, ndipo tayala limeneli likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2. Ndiye kuzungulitsa kamodzi kumakupititsani pafupifupi mamita 5.4. Mukamazungulitsa maulendo 90 pa mphindi, komwe ndi kupalasa kwachangu ndithu, liwiro lanu ndi makilomita 29 pa ola. Pamtsetse wabwino njinga imapitirira pamenepo yokha popanda kuikankha. Ikapitirira, tayala limathamanga kuposa tcheni, tizitsulo ta mufuliwilo sitikolanso, miyendo imangozungulira m'malere. Mumayamba kudumphadumpha pachishalo, njinga imagwedezeka, ndipo phazi likhoza kupulumuka pa pedulo. Wozolowera njinga ya m'nyumba amalimbikira kuzungulitsa chifukwa kumeneko anaphunzira kufika pa 110 kapena 120 gudumu lolemera likumugwirira. Pamtsetse palibe chomugwirira.

Ngakhale njinga yanu ili ya magiya, imene ingathe kukola pa liwiro lalikulu, phindu lake n'lochepa. Chimene chimakubwezani kwambiri mukamathamanga ndi mphepo, ndipo mphepo siwonjezeka mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu imene muyenera kutulutsa kuti muigonjetse imawirikiza kasanu ndi katatu. Ndiye thukuta limene mungakhetse pamtsetse kuti muwonjezere pang'ono chabe pa makilomita 45 pa ola, mukalisunga n'kukalikhetsera pachitunda chotsatira, limakufupikitsirani ulendo kwambiri. Anyamata onyamula matumba a mbatatesi ndi makala pa keriyala amazidziwa zimenezi ndi miyendo yawo. Muwaone: pamtsetse amakhala phee, akafika kumunsi njinga ikayamba kulemera ndi pamene amayamba kuponda.

Potsika chitani chonchi. Pamwamba pa mtsetse, musanatenge liwiro, yesani mabuleki onse awiri. Imikani mapedulo chopingasa, phazi limene mumalidalira likhale kutsogolo. Sunthani matako kumbuyo kwa chishalo pang'ono, zigongono zipindike. Mukaona kuti liwiro lakula, dzutsani chifuwa kuti mphepo ikugwireni, ndi buleki yaulere imeneyo. Mabuleki muzimanga onse awiri pamodzi, mwamphamvu ndithu kwa kanthawi, kenako n'kumasula, kumanganso, kumasula. Musawakokere pang'onopang'ono mtsetse wonse, chifukwa labala ikamakhula limu osapuma limu imatentha, labala imafewa n'kusiya kugwira, ndipo pamtsetse wautali mutanyamula katundu kutenthako kukhoza kuphulitsa chubu. Buleki ya kutsogolo ndi imene ili ndi mphamvu yoimitsa, koma mukaimanga mwadzidzidzi thupi lili kutsogolo mudzadumphira pa handulo. Ya kumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Pa malimu achitsulo onyezimira aja, mvula ikanyowetsa, mabuleki amachedwa kugwira, choncho yambani kumanga mudakali kutali.

Pamtsetse wautali wopitirira mphindi zingapo musaumitse miyendo ulendo wonse. Pamene msewu wawongoka ndipo mukuona patali, zungulitsani mapedulo mofatsa maulendo angapo popanda kukankha. M'miyezi ya Juni ndi Julaye m'mamawa ku Angonia kumazizira koopsa, ndipo mukatsika mphindi zisanu thukuta likuuma pathupi, miyendo ili chiimire, mukafika pachitunda mudzaipeza yauma ngati nkhuni.

Chachisanu, malo amene simuyenera kusiya

Mukangophunzira kukoma kwa njinga yoyenda yokha, pamabwera vuto lina. Mumayamba kupalasa katatu, kupuma, kupalasa katatu, kupuma. Ndi momwe ambiri timapalasira popita kumsika, ndipo pa ulendo waufupi palibe cholakwika. Koma kumatopetsa kuposa momwe kumaonekera, chifukwa nthawi iliyonse mukapuma liwiro limatsika, ndipo kulibweza kumafuna kukankha kwamphamvu kumene kumadya mawondo. Pa msewu wathyathyathya wowongoka, apa ndiye gwiritsani ntchito chuma chimene munachipeza m'nyumba muja. Palasani mosalekeza, mopepuka, maulendo 70 mpaka 90 pa mphindi. Kuti mudziwe, werengani kuti bondo lakumanja lakwera kangati pa masekondi 15, n'kuchulukitsa ndi 4. Mukapeza 20, muli pa 80.

Pachitunda musasiye. Njinga imataya liwiro nthawi yomweyo, ndipo ikatsala pang'ono kuima handulo imayamba kupita uku ndi uku, pamene magalimoto akukudutsani pafupi. Yambani chitunda ndi mphamvu yocheperapo kuposa imene mukuona kuti muli nayo. M'nyumba muja mukatopa mumangomasula kachitsulo kaja, chitunda n'kutha. Cha pamsewu sichimasulidwa. Mukalephera tsikani bwinobwino kumbali ya kumanzere, kutali ndi magalimoto, n'kukankha. Ndipo mukafika pamwamba musalekere pomwepo: pondani maulendo ena khumi mpaka njinga itadutsa msonga n'kutenga liwiro, kenako mupume ikutsika.

Mumchenga musasiye. M'njira za kumidzi, makamaka podutsa timitsinje touma ndi m'madambo nthawi yachilimwe, mumapeza mchenga wakuya. Mukaimika miyendo tayala la kutsogolo limamira, njinga imaima njii, inu n'kugwera chammbali. Lowani ndi liwiro labwino, thupi lili kumbuyo, manja atafewa kuti handulo izidzipezera njira, ndipo muzizungulitsa mapedulo mpaka mutatuluka. M'matope osaya ndi chimodzimodzi. Mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo, monga ya mwera ija, kupuma kulikonse kumakubwezani m'mbuyo, ndiye weramani pang'ono, sankhani giya yopepuka, muzingozungulitsa.

Za magiya ndinene mwachidule. Pa njinga zambiri giya imasintha pokhapokha tcheni chikuyenda, choncho simungasinthe mapedulo ali chiimire. Komanso simuyenera kusintha mukuponda mwamphamvu, chifukwa tcheni chimalumpha, nthawi zina kuduka. Zungulitsani mopepuka pa kamphindi kosinthirako. Pepukitsani giya musanafike pachitunda ndiponso musanaime pamphambano, kuti ponyamuka musavutike.

Kupalasa kopepuka kumeneku, kozungulitsa miyendo osakankha, ndi kwachitatu pakati pa kupalasa ndi kupuma, ndipo kumathandiza kwambiri mukamayenda ndi anzanu motsatana. Amene ali kumbuyo kwanu amawerenga miyendo yanu. Mukaimika mwadzidzidzi liwiro limatsika, tayala lake la kutsogolo limakhudza lanu la kumbuyo, ndipo amene amagwa ndi iyeyo. Mukafuna kuchepetsa pang'ono, fewetsani kuponda koma miyendo izizungulirabe. Mukafuna kuima nenani mokweza ndi kupereka chizindikiro ndi dzanja.

Chachisanu ndi chimodzi, kuti thanzi lisabwerere m'mbuyo

Ambiri tinakwera njinga ya m'nyumba chifukwa cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, bondo kapena kunenepa, ndiye funso limabwera: ndikamapuma pamtsetse ndi pamakona, kodi sindikutaya zimene ndinapeza? Ola limodzi la pamsewu lili ndi mphindi zambiri zimene miyendo sikugwira ntchito, pomwe ola la m'nyumba ndi ntchito yokhayokha. Yankho lake si kupalasa pamalo oopsa, koma kutalikitsa ulendo. Ngati m'nyumba munkachita mphindi 45, pamsewu chitani ola kapena kupitirirapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuti pa sabata azichita masewera ofika pochititsa thukuta kwa mphindi 150 mpaka 300. Powerengera mphindi zanu, werengerani zimene munali kuponda, osati zimene njinga inkakunyamulani.

Muyeso wosavuta wa mphamvu ndi pakamwa panu. Ngati mukutha kulankhula ndi mnzanu ziganizo zathunthu koma simungathe kuimba nyimbo, muli pamlingo wabwino wa ulendo wautali. Ngati mukungotulutsa liwu limodzi limodzi, mwapitirira, ndipo zimenezo zisungireni zitunda zazifupi. Pezani chigawo chimodzi cha msewu chabata, chowongoka kapena chokwera pang'onopang'ono, chimene mungapalase mphindi 10 kapena 15 osadukiza. Chimenecho chikhale malo anu olimbitsira mtima, mubwereze kawiri kapena katatu. Kwina konseko yendani monga msewu ukulamulira. Amene mumamwa mankhwala a shuga, musatuluke osadya, ndipo m'thumba muzikhala nthochi kapena maswiti.

Madzi musawaiwale. M'nyumba thukuta limayenderera mpaka kudontha pansi, ndiye mumakumbuka kumwa. Pamsewu mphepo imaliumitsa lisanaoneke, munthu n'kumaganiza kuti sakutaya madzi. Mumzinda wa Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nthawi imeneyo tulukani kukangocha, 7 koloko ikamakwana mukhale mukubwerera. Imwani pang'onopang'ono mphindi 15 kapena 20 zilizonse musanamve ludzu. Malo abwino otengera botolo ndi pathyathyathya powongoka, mutaimika miyendo, dzanja limodzi lili pa handulo. Pamtsetse manja onse awiri asachoke pa mabuleki. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa kapena kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, imani pamthunzi nthawi yomweyo.

Ndondomeko imene ndinatsatira chilonda cha pachigongono chitapola inali iyi. Sabata yoyamba, pabwalo pokha, mphindi 20 tsiku lililonse, kuzungulira miyala ija ndi kuphunzira kuima mwadzidzidzi. Sabata yachiwiri, njira zabata za pafupi ndi kunyumba, mphindi 30, ndipo pa kona iliyonse ndinkanena chamumtima kuti "wam'kati m'mwamba". Sabata yachitatu ndinawonjezera chitunda chimodzi chachifupi ndi mtsetse wake, kukwera ndi kutsika maulendo anayi, ulendo uliwonse ndikumasula mabuleki kwa nthawi yotalikirapo. Sabata yachinayi ndi pamene ndinalowa msewu waukulu wopita ku Calomue, kumalire ndi Malawi, m'mamawa wa Lamulungu magalimoto asanachuluke, nditavala chipewa choteteza mutu ndi malaya owala. Musafulumire kudumpha sabata yoyamba chifukwa choti mpweya muli nawo. Mpweya ndi umene umakufikitsani pa liwiro limene manja anu sanaphunzire kuligwira.

Fuliwilo nayo imafuna kuisamala, pakuti zonse zimene ndanenazi zimadalira iyo. Kankhani njinga mukuyenda pansi. Mapedulo akamazungulira okha, ndiye kuti fumbi lalowa m'kati ndipo yayamba kuuma. Pamtsetse fuliwilo yotereyi imakankha mapazi kapena kugwetsa tcheni. Mukaponda n'kumva pedulo ikupita m'malere kaye isanakole, tizitsulo tija tamatirira kapena tatha, ndipo tsiku lina mudzaimirira pachitunda n'kugwera pa chitsulo cha pakati. Gonekani njinga chammbali fuliwilo ili m'mwamba, donthezani oyilo wopepuka pa mpata umene uli pakati pa mbali yozungulira ndi yosazungulira, mukuzungulitsa chobwerera mpaka kulira kwake kumveke bwino. Girisi wolimba musaikemo, ndi amene amamata tizitsuloto. Zikapanda kusintha, pitani nayo kwa okonza njinga akaike ina.

Mvula ikayamba mu Disembala, misewu yafumbi ikasanduka matope, ambiri mudzabwerera pa njinga ya m'nyumba ija. Chenjerani tsiku loyamba. Miyendo yanu idzakhala itazolowera kuima pamene yafuna, koma gudumu lolemera lija silidziwa zimenezo. Mukaimika mwadzidzidzi lili pa liwiro, pedulo imakankha mwendo kuchokera pansi, kukunyamulani pachishalo kapena kukupotokolani bondo, ndipo phazi likapulumuka pedulo imamenya msongolo. Mangani bwino malamba a mapazi, musapalase kachitsulo kolimbitsira kali komasuliratu, ndipo mukafuna kuima chepetsani pang'onopang'ono kapena kanikizani kachitsuloko ndi chikhatho mpaka gudumu litaima, kenako mutsike.